Kuimba foni pa kompyuta: chofunika ndi netiweki yokhazikika

Msika wa fodya wa Chinkhoma ukatsegulidwa, makalabu a alimi ku Chamama amaimba foni kawirikawiri kufunsa za mabelo awo. Kuimba pa kompyuta kudzera pa WhatsApp kumapulumutsa mayunitsi, poti nthawi zambiri mphindi imodzi siimaliza megabaiti imodzi.

Chovuta ndi kudukaduka kwa mawu. Mawu akamachedwa kufika, oyankhulana amayamba kudulana pakamwa, ndipo kawirikawiri wolakwa ndi mnzawo wa mu ofesi momwemo amene akuonera mavidiyo pa rauta yomweyo. Kompyuta yoimbira ilumikizidwe ndi waya, rauta iikidwe pawindo ndipo ikhale ndi batire yake magetsi akathima. Nambala ya belo ndi mtengo wa kilogalamu, womwe umatchulidwa m'madola, zitumizidwenso pa uthenga wolemba.