Magetsi Akathima, Zulani Pulagi

Wailesi yakanema, dekoda ndi masipika ndi katundu amene banja limasungira ndalama miyezi yambiri, ena mpaka kudikira tsiku logawana kubanki m'khonde. Koma zonsezi zimatha kupsa m'kanthawi kochepa. Uphungu wa kabuku kano ndi wakuti chitetezo chodalirika kuposa china chilichonse sichilira ndalama: ndicho kuzula pulagi pakhoma magetsi akathima, ndiponso kunja kukayamba ziphaliwali. Zipangizo zotetezera zogula m'sitolo zili ndi ntchito yake, koma zimabwera pambuyo.

Magetsi a m'nyumba kuno ku Malawi amayenera kukhala mavoliti 230, ndipo zipangizo zathu zinapangidwa kuti zizilandira mphamvu ya pamenepo. Magetsi athu ambiri amachokera pamtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo amayenda mtunda wautali pamawaya asanafike pamita yanu. Namondwe wa Ana ataononga ku Kapichira mu Januwale 2022, tonse tinazolowera magetsi ozimazima. Chimene ambiri sanachizindikire n'chakuti ngozi sikhala pa kuthimako ayi, imakhala pobwera. Magetsi akamayaka, mafiriji, zigayo ndi makina a dera lonse zimadzuka nthawi imodzi, ndipo mphamvu imatha kukwera ndi kutsika isanakhazikike. Palinso vuto lina loopsa: waya wa nyutulo ukaduka, kapena akuba akaudula pathiransifoma, nyumba zina zimalandira mphamvu yoyandikira mavoliti 400. Chizindikiro chake ndi mababu owala modabwitsa pamene kwa aneba akungonyeka ngati koloboyi. Mukaona zimenezo, thimitsani swichi yaikulu ndipo dziwitsani a ESCOM.

Ena amati, "Ine ndimathimitsa ndi rimoti." Rimoti imangogoneka wailesi, magetsi amakhala akulowabe. Kuthimitsa pasoketi n'kwabwinoko, ndipo kumathandiza pa magetsi obwera mwadzidzidzi. Koma mphenzi ndi nkhani ina. Mphamvu imene yadumpha kuchoka kumitambo kufika pansi singalephere kudumpha kampata kakang'ono ka m'kati mwa swichi. Sifunikanso kugwera nyumba yanu; ikagwa pafupi ndi mawaya a m'dera lanu, mphamvuyo imayenda mpaka pabalaza panu. Ndipo ili ndi khomo lachiwiri limene anthu amaliiwala, ndilo chingwe cha dishi kapena cha mlongoti wa padenga. Mphamvu imalowa mu dekoda, n'kudutsa pa chingwe cha HDMI kukaotcha wailesi, ngakhale pulagi mwazula. Choncho kuyambira Novembala mpaka Epulo, mitambo ikayamba kuda, zulani zonse ziwiri mvula isanafike. Kukayamba kugunda pafupi, musagwirenso zingwezo, pakuti moyo wanu ndi woposa dekoda.

Ena amati, "Ndinagula gadi." Mwachita bwino, koma dziwani chimene munagula, chifukwa zilipo za mitundu iwiri. TV guard kapena fridge guard imadula magetsi akakwera kapena akatsika kwambiri, n'kudikira kanthawi isanawalowetsenso. Imeneyi ndi yoyenera pa vuto la magetsi ozimazima, ndipo imakulonderani pamene muli kumunda kapena kuntchito. Koma mphenzi imathamanga kuposa mmene gadiyo ingadulire. Surge protector ndiyo imagwira mphamvu yobwera mwakanthawi n'kuipatutsa, makamaka kudzera pa waya wa efi wopita m'nthaka. Kachipangizo ka m'kati mwake kamatha pang'onopang'ono nthawi iliyonse kakagwira ntchito, mpaka kamafa, magetsi n'kumadutsabe ngati kale. Ngati kanyale kosonyeza chitetezo kazima, gulani ina. Ndipo ekisitenshoni yotchipa ya mabowo ambiri ndi kanyale kofiira si chotetezera ayi. Kanyaleko kamangonena kuti magetsi alipo.

Pa nkhani ya efi ndi pamene nyumba zambiri zimagwera. Chotetezera chabwino m'nyumba yopanda efi chimagwira ntchito mopereŵera, ndipo chitsulo cha ampulifaya chikayamba kugwira anthu, muzikayikira efiyo. Mapulagi athu a mano atatu anapangidwa mwanzeru: dzino lalitali ndi la efi, ndipo m'kati muli fyuzi ya 3, 5 kapena 13 amp imene imapsa kuti chingwe chisayake moto. Amene amalowetsa mawaya osenda m'soketi n'kutsekera ndi timitengo ta machesi, kapena kukulunga fyuzi yakupsa ndi kawaya, wachotsa chitetezo chonsecho ndi manja ake. Mawaya a m'nyumba aziikidwa ndi munthu wa chiphaso cha MERA. Mufunseni akuonetseni chiphasocho, musachite manyazi. Safunsa anadya phula. Mumuuzenso ayeze efi.

Chidandaulo chakuti kuzulazula kumatopetsa ndiponso kumakhwefula soketi chili ndi choona chake. Yankho lake ndi kulumikiza wailesi, dekoda ndi masipika pa ekisitenshoni imodzi yabwino, kuti muzizula pulagi imodzi yokha, chifukwa zipangizo zimenezi sizidya magetsi ambiri. Mbaula ya magetsi, ketulo ndi simbi zisayandikire pamenepo, zikhale ndi soketi yakeyake. Soketi ikakhwefuka, ikada kapena ikamatentha, isintheni. Mtengo wake sungafanane ndi wa wailesi.

Magetsi akabwera, dikirani mphindi zingapo, muone ngati babu likuwala bwinobwino, kenaka lumikizani. Phunzitsani ana ndi aliyense wotsala pakhomo kuchita chimodzimodzi, ndipo aliyense adziwe pamene pali swichi yaikulu. Chipangizo chikayamba kufuka utsi, thimitsani swichiyo kaye, ndipo musathire madzi magetsi ali oyaka.