Mayi woyembekezera asanyalanyaze chiseyeye

Amayi ambiri akatenga pakati amaona magazi pamswachi, nkhama zitatupa ndiponso zitafiira. Ena amangoti ndi zizindikiro za mimba, ena amasiya kutsuka mano poopa kuwawa. Zonsezi zimangokulitsa vuto. Chiseyeye chimayamba ndi tizilombo tomwe timaunjikana pomwe dzino limakumana ndi nkhama, ndipo kusintha kwa thupi pa nthawi ya mimba kumapangitsa nkhama kutupa msanga. Chikakula, tizilomboto ndi zinthu zomwe thupi limatulutsa polimbana nato zimatha kuyenda m'magazi mpaka kufika kuchiberekero. Akatswiri akuganiza kuti izi ndi zina mwa zomwe zingautse matenda a uchembere mimba isanakwanitse masabata 37.

Nkhaniyi ndi yathu. Lipoti la World Health Organization la 2012 lidasonyeza kuti ana pafupifupi 18 mwa 100 alionse ku Malawi amabadwa masiku asanakwane, chiwerengero chomwe chidali chokwera kuposa mayiko onse. Pa kafukufuku wa PPaX, yemwe adachitikira m'zipatala 8 za m'dera la Lilongwe pakati pa amayi oposa 10,000, amayi omwe ankatafuna chingamu chopanda shuga cha xylitol kawiri pa tsiku pofuna kuteteza mkamwa adabereka ana osakwana masiku mocheperapo: pafupifupi 13 mwa 100, pomwe kwa omwe sankatafuna adali 16 kapena 17 mwa 100. Chingamu chotsekemera wamba cha m'magolosale sichigwira ntchito imeneyi chifukwa chili ndi shuga.

Zoyenera kuchita pakhomo ndi izi.

Tsukani mano kawiri pa tsiku, m'mawa ndi pogona, kwa mphindi ziwiri, ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride. Sankhani mswachi wofewa, muupendekere ku nkhama ndi kuyendetsa pang'onopang'ono mozungulira, dzino ndi dzino, kunja ndi mkati. Magazi akatuluka musaleke. Nkhama zikamayeretsedwa tsiku ndi tsiku, nthawi zambiri magaziwo amachepa. Mukamaliza lavulani, osachukucha ndi madzi, kuti mankhwala atsale m'mano. Musakweche mano ndi makala, phulusa kapena mchenga.

Mukasanza, chukuchani ndi madzi kapena madzi osungunuliramo kasupuni kakang'ono ka soda, ndipo dikirani theka la ola musanatsuke. Asidi wa m'mimba amafewetsa mano, choncho mswachi ungawapalepale.

Chepetsani maswiti, zoziziritsa kukhosi ndi tiyi wa shuga wambiri. Onjezani masamba, bwemba, magwafa, malalanje, usipa ndi mkaka. Fodya ndi mowa zisiyeni.

Mukapita kusikelo, uzani namwino za magazi, fungo la mkamwa, mafinya kapena dzino logwedezeka, akutumizeni kwa dokotala wa mano. Kuyeretsa mano ndi kuchotsa dzino lowonongeka n'kotheka ngakhale muli ndi pakati. Ingomuuzani miyezi ya mimbayo. Musagule Brufen kapena mankhwala opha tizilombo pa nokha. Amene mukukonzekera kutenga pakati, kapimitseni mkamwa kusanachitike chilichonse, chifukwa kupewa kumathandiza kuposa kuchiza mochedwa.

Abambo, mswachi ndi mankhwala otsukira mano muziikenso pa mndandanda wa zogula za mayiyo. Ndipo mukaona madzi akutuluka, magazi, kapena mimba ikumanga pafupipafupi masiku asanakwane, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo, usiku kapena masana.