Tsiku lokumbukira akufa

Lero ndi tsiku la 2 Novembala. Mvula yayandikira. Amayi atenga khasu. Agogo aakazi atenga maluwa ndi kandulo. Akupita kumanda.

"Agogo, kodi simukuopa?"

"Iyayi, mdzukulu wanga. Kumeneko kwagona agogo ako aamuna. Udzu wamera pamanda pawo. Tikausiya, tidzaiwala pamene anagona."

Akatolika amakumbukira akufa pa tsiku limeneli. Pa Cipwitikizi limachedwa Dia dos Finados. Amalambula manda ndi kupemphera. Asilamu kuno ku Itepela ali ndi mwambo wawo. Iwo amacita sadaka. Amaphika mpunga, amapemphera, ndipo amadyetsa anthu.

Anthu a maiko ena amakumbukiranso akufa. Kutali kwambiri, kutsidya kwa nyanja yamcere, kuli dziko la Mexico. Kumeneko kuli tauni ya Pátzcuaro. Usiku wa pa 1 Novembala anthu amapita kumanda. Amayala maluwa acikasu ndi kuyatsa makandulo ambirimbiri. Amabweretsa mkate ndi cakudya cimene malemu ankacikonda. Amacezera komweko mpaka mbandakuca. Ngakhale ana amapita nawo! Kwathu kuno ana aang'ono sapitapita kumanda.

Mafunso

1. Kodi amayi atenga ciani?
2. Cifukwa ciani agogo sakuopa?
3. Kodi ku Pátzcuaro amayala maluwa otani?

Nchito ya kunyumba

Funsani akulu dzina la agogo anu amene anamwalira. Kodi ankakonda kudya ciani? Jambulani cakudyaco.