Matayala a Asilikali: Onani Caka Musanagule

Alimi a ku Katete, Sinda ndi Vubwi amene muli ndi galimoto lotuta cimanga kapena thonje, nthawi zina mudzapeza matayala otsala ku magalimoto a asilikali alikugulidwa pa mtengo wocepa. Mano ace ngakulu, ndipo m'matope a kudambo amagwiradi bwino. Koma manowo asakunyengeni. Mpira umakalamba ngakhale tayala liri cigonere m'nyumba, losayendapo konse.

Tsono yang'anani m'mbali mwace. Pa matayala ambiri pali malemba akuti DOT, ndi manambala anai kumapeto. Mukaona 2315, ndiye kuti linapangidwa sabata la 23 m'caka ca 2015. Manambala akakhala atatu okha, tayalalo nlakale, caka ca 2000 cisanafike. Lopitirira zaka 10, kapena lokhala ndi timing'alu, musaliike pa galimoto, pakuti lingaphulike pa Great East Road dzuwa la October litatentha, matumba ali pamwamba. Ndiponso pa tara wonyowa matayala otere amaterera, yendani pang'onopang'ono.

Lokalambalo, likakwana pa mkombero wa ngolo, lipatseni ng'ombe zikoke. Izo sizithamanga.