Umbani zibuma zophikira ndi mapepala akale

Chaka cha 2024 madzi atachepa ku Kariba, ZESCO inkathimitsa magetsi maola 17 pa tsiku, nthawi zina kuposerapo, ndipo ambiri muno mu Nabvutika tinabwerera ku mbaula. Makala nawo sachedwa kutha m'thumba. Komatu makope akale a ana, manyuzipepala ndi makatoni amene timangotentha kudzala mutha kuumbira zibuma zoyatsira moto.

Yambani ndi kusankha. Mapepala onyezimira, okutidwa pulasitiki ndi malisiti a m'mashopu ikani pambali, utsi wake ndi woipa. Yang'anitsitsaninso kuti m'mulumo mulibe khadi la sikelo la mwana kapena setifiketi ya sukulu, poti ana akapatsidwa ntchito yong'amba sawerenga! Ngati mapepala akuchepa, pemphani makatoni otha ntchito kwa ogulitsa ku msika wa Kapata.

Ng'ambani tizidutswa ting'onoting'ono, muviike m'chidebe cha madzi masiku awiri kapena atatu. Makatoni amafuna masiku ochulukirapo. Zikafewa, pondani kapena sinjani mu mtondo wakale, osati wosinjira nsinjiro, mpaka zikhale ngati phala lolimba.

Tsopano sakanizani muyezo umodzi wa phalalo ndi miyezo iwiri ya fumbi la makala, lija lotsalira pansi pa thumba. Utuchi wa kwa akalipentala umathandizanso, ngakhale umachulutsa utsi. Mapepala okhaokha amapsa msanga n'kusiya phulusa lambiri. Ntchito yawo yeniyeni ndi kumata fumbilo. Fumbatani pang'ono m'manja. Zikamwazika, onjezerani phala.

Tengani chitini, muchidule mbali zonse ziwiri, muboolenso timabowo m'mbali ndi msomali. Imikani kamtengo pakati, thirani zosakanizazo, tsindirani kwambiri kuti madzi atuluke, kenako kankhani chibumacho ndi kuzula kamtengo kaja. Bowo lapakatilo musaliiwale. Ndi mmene mumadutsa mpweya, pouma ndi poyaka pomwe.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pa kuyanika. Chibuma chimauma kunja msanga pomwe mkati muli chinyezi, ndipo mukafulumira mudzangolira ndi utsi, nsima osapsa. Yanikani pa thandala kapena pa lata, muzitembenuza tsiku lililonse. Dzuwa la Okutobala limaumitsa m'masiku asanu mpaka sabata. Nyengo ya dzinja pamafunika masabata awiri, pakhonde. Thyolani chimodzi muone mkati musanasunge m'thumba.

Ndalama simuwononga, pokhapokha wogulitsa makala atafuna kangachepe pa fumbi lake. Chimene chimapita ndi nthawi: pafupifupi masiku khumi kuchokera pa kuviika kufika pa kuphika, ngati ndi nyengo ya dzuwa.

Poyatsa, yambani ndi makala ochepa, kenako sanjikani zibuma ziwiri kapena zitatu. Zimakwanira kuwiritsa madzi osamba, kuphika nsima ndi ndiwo zamasamba. Nyemba zimafuna kuti muziwonjezera. Musaotchere chimanga kapena nyama pamoto umenewu chifukwa cha inki. Ndipo ngakhale kuzizire bwanji mu Juni, mbaula yoyaka isalowe m'chipinda chotseka, chifukwa mpweya wake umapha anthu ali m'tulo.