Batani la 48V pa mikisa: lidziweni musanalumikize maikolofoni

Mipingo yambiri, makwaya ndi masukulu m'boma la Chama, kuyambira pa boma penipeni mpaka kwa Kambombo, Tembwe, Chikwa ndi Chifunda, tsopano ali ndi zimkuzamawu zawozawo. Ena anasonkha ndalama atagulitsa mpunga, ena anachita kupatsidwa. Pa mikisa yambiri ya zimkuzamawuzi pamakhala batani laling'ono lolembedwa 48V kapena PHANTOM, pambali pake pali kanyali kofiira. Ambiri amaliyatsa poganiza kuti limakweza mawu. Silikweza mawu ayi, ndipo likagwiritsidwa ntchito mosasamala limawononga katundu.

Ntchito yake ndi kutumiza magetsi a mavoti 48 kuchokera mu mikisa kupita ku maikolofoni, kudzera mu chingwe chomwe chija chonyamula mawu, cha mano atatu, chotchedwa XLR. Magetsiwo amayenda mofanana pa dzino lachiwiri ndi lachitatu, n'kubwerera pa loyamba. Njira ya 48V imeneyi anayamba nayo ndi a kampani ya Neumann ya ku Germany mu 1966, pokonzera zipangizo wailesi ya dziko la Norway.

Si maikolofoni onse amene amafuna magetsiwa. A mtundu wa condenser, monga aja opachika pamwamba pa kwaya ndi aja a khosi lalitali oikidwa pa guwa, salankhula popanda 48V pokhapokha ngati ali ndi batire yawoyawo. A mtundu wa dynamic, aja ogwira m'manja monga Shure SM58, safuna magetsi alionse. Ngati maikolofoni anu onse ndi otere, batanilo lizikhala lozima nthawi zonse.

Mukalowetsa kapena kuzula maikolofoni nyali ya 48V ili chiyakire, mano atatu aja sagunda nthawi imodzi. Limodzi limatsogola, magetsi n'kudumpha, ndipo masipika amalira kuti phu! ngati mfuti. Phokosolo limadutsa mu ampulifaya n'kukula kwambiri. Choyamba kupsa ndi twita, kasipika kakang'ono ka mawu osongoka, ndipo twita ikapsa mawu a mlaliki amamveka ngati akulankhulira mu mtsuko. Amene wavala mahedifoni, kapena mwana amene wakhala pafupi ndi sipika, makutu ake amapwetekedwa. Mu mikisa namo, tizipangizo tolandira mawu pa tchanelo timafooka ndi kudumpha kotere, mpaka tsiku lina tchaneloyo imayamba kusokosera kapena kungoti zii.

Ngozi yaikulu kuposa apa ili pa zingwe zolumikiza pakhomo. Kuno chingwe chikaduka sititaya, timachiwotcherera, ndipo n'zoyenera. Koma waya umodzi ukasinthana malo kapena ukakhudza unzake, magetsi sakhalanso ofanana mbali ziwiri zija, ndiye amadutsa mkati mwa maikolofoni momwe. Pamenepo ngakhale dynamic, imene pa chingwe chabwino sivutika ndi 48V, itha kuwonongeka. Chimodzimodzi foni, laputopu kapena kiyibodi yolumikizidwa pa bowo la XLR ndi chingwe chosinthidwa mutu: zinthuzi sizinapangidwe kuti zilandire mavoti 48. Dziwaninso kuti pa mikisa ing'onoing'ono yambiri batanili ndi limodzi lokha la mabowo onse a XLR, choncho mukayatsira maikolofoni a kwaya mwayatsiranso foni ya mnyamata woimbitsa nyimbo. Foni ndi kiyibodi zilowe pa mabowo olembedwa LINE.

Polumikiza, yambani mwatsitsa mawu onse, a tchanelo ndi a MAIN. Onani kuti nyali ya 48V yazima, ndiye lowetsani maikolofoni mpaka mutu wa chingwe utalira kuti khethe. Kenako yatsani 48V, dikirani pang'ono, n'kukweza mawu pang'onopang'ono. Pozula, tsitsani mawu, zimani 48V, muwerenge pang'onopang'ono mpaka 30 chifukwa magetsi amatsalira mkatimo kwa kanthawi, ndipo mukatero zulani. Ampulifaya iziyatsidwa pomalizira ndi kuzimidwa poyambirira. Ogwiritsa jenereta, isiyeni iyambe yakhazikika musanayatse chilichonse, ndipo mafuta akamatha zimani ampulifaya jenereta isanazime yokha.

Pa ukwati kapena pa msonkhano waukulu, pamene anthu amalandirana maikolofoni ndipo wina amangobwera ndi yake n'kuilowetsa, m'pamene zinthu zimapsa kawirikawiri. Akulu a mpingo ndi a komiti, sankhani munthu mmodzi kapena awiri oti azigwira mikisa, ndipo matani kapepala pambali pa batanilo kolembedwa kuti "Zimani musanalumikize". Twita kapena mikisa ikapsa, nthawi zambiri wokonza ndi zipangizo zake amapezeka ku Lundazi kapena ku Chipata, ndipo nyengo ya mvula ulendo wake ungasiye mpingo wopanda chimkuzamawu kwa masabata angapo.