TIZILOMBO TA M'MIZU TIMENE TIMADYETSA MBEU

Mayi amene amabwera ndi mwana ku sikelo ku Khombedza, ku Maganga kapena ku Chipoka amamva kaŵirikaŵiri kuti tizilombo tosaoneka ndi maso ndito timayambitsa kutsekula m'mimba ndi chifuwa chachikulu. Zimenezo n'zoona. Koma si tizilombo tonse timene tili adani a munthu. Tina, totchedwanso mabakiteriya, timakhala m'mizu ya mbeu, ndipo ntchito yake imathera m'mbale ya phala la mwana.

Thupi la mwana limakula ndi zakudya zomanga thupi, ndipo m'zakudya zonse zotere muli nayitrojeni. Mbeu nazo zimafuna nayitrojeni yemweyo. Chimanga chikamsoŵa, masamba a m'munsi amachita chikasu, phesi limaonda, chisononkho chimakhala chaching'ono. Chodabwitsa n'chakuti magawo 78 pa 100 a mpweya ndi nayitrojeni, koma mbeu payokha singathe kumtenga mumpweya. Amene amatha kutero ndi mabakiteriya ena.

Umboni wake uli m'munda wa mtedza, nandolo, khobwe kapena soya. Mlimi azule tsinde limodzi pamene mbeu ikuchita maluŵa, natsuke mizu. Adzaona timibulu tomata ku mizuyo. Akang'amba kamodzi ndi chikhadabo napeza kuti m'kati ndi mofiirira, adziŵe kuti mabakiteriya ali pa ntchito, akusandutsa mpweya kukhala chakudya cha mbeu. Kufiira kumeneku kumachokera ku chinthu chofanana ndithu ndi chimene chimafiiritsa magazi a munthu. Timibulu tabwino timathothoka tikapekesedwa ndi chala. Ngati muzu weniweniwo ndiwo watupa, amenewo ndi matenda a mizu.

Chimanga, mpunga, mapira ndi maŵere zilibe timibulu. Komabe m'zaka za m'ma 1970 Johanna Döbereiner wa ku Brazil anaonetsa kuti mabakiteriya otchedwa Azospirillum amakhala pa mizu ya udzu ndi chimanga, ndipo nawonso amakoka nayitrojeni mumpweya. M'chaka cha 2018 akatswiri analengeza za chimanga cha makolo cha ku Sierra Mixe, m'dziko la Mexico. Chimangachi chimatulutsa mizu yambiri m'mfundo za phesi, pamwamba pa nthaka, ndipo mizuyo imakha madzi oterera ngati therere. M'madzi amenewo ndimo mumakhala mabakiteriya, ndipo anapeza kuti chimangacho chimalandira magawo 29 mpaka 82 pa 100 a nayitrojeni wake kuchokera mumpweya. Kuipa kwake n'kwakuti chimatenga miyezi 8 kapena kupitirira kuti chikhwime, pamene mvula ya ku Salima imaleka chisanafike potero.

M'madimba a mpunga, monga a ku Lifuwu, madzi ndi matope zimasunga mabakiteriya otere pamodzi ndi ndere zina zogwira ntchito yomweyo. N'chifukwa chake dambo limabereka mpunga chaka ndi chaka, ngakhale pang'ono, popanda feteleza. Koma mlimi asanyengedwe. Zimene mabakiteriya a pa mizu ya chimanga chakuno amapereka n'zochepa, sizingaloŵe m'malo mwa manyowa kapena feteleza.

Njira yodalirika ndiyo kasinthasintha wa mbeu: pamene panali mtedza kapena soya chaka chatha pabzalidwe chimanga, ndipo nandolo abzalidwe pakati pa chimanga. Masangwi ndi masamba a nandolo akwiriridwe, chifukwa moto umabweza nayitrojeni kumpweya kumene anachokera. Ku Ekwendeni, ntchito yophunzitsa alimi kubzala mbeu za mtundu wa nyemba inayamba m'chaka cha 2000 mogwirizana ndi chipatala, ndipo ana a m'mabanja amene anaigwira kwa zaka zingapo anayamba kukula bwino pa sikelo. Nsinjiro m'phala, kapena soya wokazinga wogayitsa pamodzi ndi mgaiwa, zimateteza mwana ku matenda otupikana. Mtedza wokhawo wochita chuku ndiwo suyenera kupatsidwa kwa mwana kapena wamkulu.

Anthu a kunyanja ali ndi mwayi winanso, ndiwo mtengo wa msangu. Mtengowu ndi wa banja limodzi ndi nyemba, ndipo mizu yake imasunga mabakiteriya omwewo. Umayoyola masamba mvula ikamayamba, kotero suphimba mbeu ndi mthunzi, ndipo masambawo amaolera pomwepo. Pa chifukwa chimenechi chimanga cha pansi pa msangu chimabiriŵira kuposa cha pa mtetete, ndipo mlimi wolima mizere akapeza kamsangu komera kokha ayenera kukalambalala ndi khasu.